Fupa la M'chigwembe cha ku Ntengo-Wambalame

Chaka chimene anthu a mfuti anatenga bambo ndi achimwene kuti akawasenzere katundu, ine ndinali ndi mwana wakhanda. Anawapeza akukumba mbatatesi kumunda kwathu ku Ntengo-Wambalame, ndipo chaka chimenecho sanabwerenso.

Mvula itatha, mayi wina wotola nkhuni anadzatiuza kuti waona mafupa a munthu mmodzi m'chigwembe. Tinapitako ine ndi amayi. Afisi anali atamwaza zonse, mutu panalibe. Pambali panali chidutswa cha jekete la bambo. Koma jeketelo achimwene ankalivalanso kukazizira, choncho sitinadziwe kuti tilire ndani.

M'mudzi mwathu munkabisala bambo wina wachipatala amene anathawa ku Furancungo. Tinkangowatchula kuti a enifirimeru. Amayi anawapempha kuti adzaone. Iwo anatola fupa la mkono, lija lochoka paphewa kufika pachigongono, lomwe linali long'ambika cha kumtunda. Analiyang'ana padzuwa nthawi yaitali. Anatiuza kuti mwa mnyamata, mutu wa fupali umakhala wothinana m'kati ngati chisa cha njuchi, koma munthu akamakalamba timaenje timakula, khoma limapyapyala, ndipo mphako ya mafuta imakwera mpaka kuphewa. Anandiuza ndilowetse chala. Ndinakana, kenako ndinalowetsa. Munali mopanda kanthu.

"Amayi, uyu ndi munthu wamkulu," anatero. "Zaka sinkwenta, makumi asanu, anadutsa kalekale."

Amayi anakhala pansi. Anayamba kulira, nasiya, nandifunsa ngati ndiye kuti mwana wawo ali moyo. A enifirimeru anati zimenezo fupa silinanene. Ine sindinkadziwa ngati ndimve chisoni kapena mpumulo, ndipo ndinachita manyazi ndi zonse ziwiri.

Tinaika mafupawo m'dzina la bambo. Tinameta, akuluakulu a mpingo anapemphera, amayi anakhala wamasiye zaka ziwiri akudikira achimwene.

Amene anabwera ndi bambo. Anatulukira masana kuchokera mbali ya ku Malawi, ataonda, akutsimphina. Amayi anathawira kuseri kwa nkhokwe, osafuna kuwagwira. Bambo anafotokoza kuti jekete anawalanda tsiku loyamba lomwe, ndipo achimwene anawasiyanitsa nawo pa mtsinje wina, gulu lina likulowera ku Macanga. Anafunsa ngati mnyamatayo anafika. Tinangoyang'anana.

Ndinapita kwa a enifirimeru ndili wokwiya. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndinati nkhalamba, mwana wanga. Sindinati bambo ako."

Mawa lake bambo anapempha kuti tikawaonetse manda awo. Anaima pamenepo akusisita phewa lawo, nafunsa kuti ndiye tinaika ndani. Anatenga khasu nalambula udzu, ndipo ankatero chaka chilichonse mpaka anamwalira. Za achimwene sitinamvepo kanthu.