Kandege ka Achimwene

Ndinadzuka kusanache, adhana woitanira anthu kumzikiti asanamveke. Ndinali nditagona pamkeka panja, pamodzi ndi azibambo amene anachezera pasiwa. Kuseri azimayi anali atakoleza kale moto, akuphika tiyi ndi mpunga. Mwera unkawomba, wozizira.

Tinkaika achimwene anga, a Yusufu, mmisiri wokonza mainjini a maboti ku Nkhudzi. Kwa zaka zambiri ankapanga kandege ka munthu mmodzi kuseri kwa nyumba, ka mapaipi ndi injini yakale, mapiko ake ozungulira pamwamba. Ankati ngakhale injini itazima kangatsike bwinobwino, bola papezeke potera. Dzulo lake injini inazimadi ali m'mwamba. Pabwalo pamene ankafuna kutera panali azimayi akuyanika usipa. Anakhotetsa, n'kukagunda mtengo wa mgwalangwa.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika: asodzi, akabaza, abale a ku Namwera pa lole. Ena ankafuna kuona zidutswa za kandegeko, koma apolisi anali atatenga kale. Bambo wina amene ankawanena achimwene kuti ndi amisala anakhala payekha pansi pa mango.

Titasambitsa thupi n'kulikulunga m'nsalu yoyera ya sanda, mayi wina amene sitinkamudziwa anagwada pamaso pa alamu anga, mwana ali kumbuyo.

"Ndinali pabwalo paja," anatero. "Amuna anu anatikupizira dzanja kuti tithawe. Ine miyendo inauma."

 Alamu anangomugwira dzanja, osalisiya mpaka jeneza lonyamulira maliro linatuluka.

Tinaswalira kumzikiti, kenako tinalowera kumanda tikulandizana jeneza pamapewa. Mphepo inkatithira mchenga m'maso. M'dzenje tinatsikiramo ine ndi amalume, tinawagoneka achimwene chakumanja. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira.

Pofika madzulo anthu ambiri anali atapita. Panyumba panali zii, mikeka itapindidwa, phulusa litazizira. Ndiye panafika msodzi wina wochokera kutali, akukankha njinga, injini ya boti atamangirira kumbuyo.

"Odi! Amisiri alipo?"

Ndinamuuza za malirowo. Anaima nthawi yaitali atagwira njinga yake. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati angasiye injiniyo mpaka mawa, poti sankadziwa kwina koipititsa. 

Alamu anayankha ali m'nyumba: "Isiyeni pakhondepo, bambo. Ndi pamene amisiri amaika mainjini."