Bana Chloe ndi Chinenero cha Manja

Nsofwa Kalenga amaluka tsitsi pamsika wa Kabwata m'Zambia muno, m'kasaluni ka mipando iwiri. Anachokera ku Mansa ali mtsikana, nakwatiwa ndi Meshack, woyendetsa minibasi ya ku Chelstone. Pamsikapo onse amamutchula Bana Chloe, kutanthauza kuti amake a Chloe, mwana wake wamkazi.

Chloe atabadwa, Nsofwa analowa m'gulu la pa WhatsApp la amayi amene ankakumana kusikelo. Ankafunsana za mano, za phala, za chifuwa. Ana atapitirira chaka, m'gulumo munadzaza mavidiyo: uyu wanena "mama", uyu akuimba ya kutchalitchi. Nsofwa ankangotumiza zithunzi za Chloe atavala diresi yatsopano. Mwana wake sankacheuka ngakhale mbale igwe kumbuyo kwake.

Kuchipatala anamuuza kuti mwanayo samva. Panapita miyezi itatu osalemba kanthu m'gulumo, mpaka mnzake wa m'gulumo Alia, mayi wa ku Chunga wogulitsa zitenje, anamuimbira foni.

"Bana Chloe, mwankhala zii maningi. Nichani?"

Nsofwa anafotokoza. Alia sanachulutse zopepesa. Anangomutumizira vidiyo ya mayi wina wa kunja akuphunzitsa mwana kuyankhula ndi manja.

Kuyambira pamenepo foni inkakhala itatsamira pagalasi la saluni. Kasitomala akatuluka, Nsofwa ankayeseza zizindikiro, zala zili noninoni ndi mafuta a tsitsi. Tsiku lina Chloe anamukoka chitenje n'kupanga chizindikiro cha madzi. Nsofwa anamupatsa, namujambula akubwerezanso, n'kutumiza m'gulu muja.

Wina anayankha kuti, "Pepani mwandi, tizamupemphelela."

"Zikomo, koma sadwala," analemba Nsofwa. "Apempha chabe manzi."

Kenako anatsegula tsamba pa Facebook n'kumaika chizindikiro chimodzi patsiku, iye ndi Chloe. Amayi a ku Chipata ndi ku Kitwe anayamba kumulembera, ena atabisa ana awo osamva m'nyumba kwa zaka. Nsofwa ankayenda mokweza mapewa.

Ndiye panabwera ndemanga ya mayi wina dzina lake Bernadette, wosamva chibadwire, wosoka zovala ku Woodlands. Analemba poyera kuti zizindikiro zambiri za Nsofwa n'zakunja, ndipo osamva a m'Zambia muno sayankhula choncho. "Mwana wanu azakamba na ndani?" anafunsa.

Nsofwa zinamuwawa. Anafuna kufufuta ndemangayo, koma Meshack anamuletsa.

"Iwe unaphunzila pa foni. Beve ndiye chitundu chao, chinenero chimene anakula nacho. Aitane."

Bernadette anafika Loweruka m'mawa, nakhala pampando wa kasitomala. Chloe anamuyang'anitsitsa, poti aka kanali koyamba kuona munthu wamkulu woyankhula ndi manja okhaokha. Pasanathe ola awiriwo anali akuseka nkhani imene Nsofwa sanaimve. Masana omwewo Nsofwa anajambula vidiyo yovomera kuti analakwitsa, nauza omutsatira kuti ayambirenso pamodzi, mphunzitsi wawo akhale Ba Bernadette. Ena anachoka patsambalo. Ambiri anatsala.

Masiku ano Loweruka lililonse saluni imatsegulidwa mochedwa. Amayi amakhala pamabenchi obwereka kwa ogulitsa ndiwo, ana ali pamiyendo, Bernadette ali kutsogolo. Okhala kutali amaonera pafoni. Meshack naye anaphunzira, ngakhale Chloe amati manja a bambo ake amachita chibwibwi.

Chloe ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri tsopano, ndipo amapita kusukulu yokhala ndi kalasi ya ana osamva. Mwezi wathawu anabwera ndi pepala la mayeso atakhoza masamu onse. Nsofwa anatola foni kuti ajambule. Mwanayo anaphimba kamera ndi chikhato, nayankhula ndi manja pang'onopang'ono kuti amake amvetse: anzake amamuona m'mafoni a makolo awo, ndipo iye sakufunanso. Pepalali wabweretsera amake, osati anthu.

Nsofwa anaika foni m'thumba la epuloni. Mawa lake anauza omutsatira kuti Chloe sadzaonekanso patsambalo pokhapokha atafuna yekha.

Kasitomala wina atamva anadandaula. "Manje bantu benze kukonda uja mwana. Simuzaluza ma followers?"

"Kaya," anatero Nsofwa, akugawa tsitsi ndi chipeso. "Kale nenze kufuna kuti akazikamba. Manje akamba, nifunika kumvela."