Mwana Amene Luckness Anamusiya ku Rivirivi

Luckness analowa koleji ya aphunzitsi ku Machinga ali ndi zaka 33. Anzake m'kalasi ankamutchula kuti "amayi", ndipo analidi mayi. Mwamuna wake anamwalira kalekale, kumusiyira mwana mmodzi, Chrissie, amene nthawi imeneyo anali sitandade 6. Popita kukoleji, mwanayo anamusiya kwawo ku Rivirivi ndi achemwali ake, a Matilda.

Chaka choyamba zinthu zinkayenda. Lamulungu lililonse Chrissie ankaimba pafoni ya a Matilda, kufotokoza za mayeso ndi za mbuzi. Koma Luckness atatumizidwa kukaphunzitsa moyeserera pasukulu ina kufupi ndi nyanja ya Chiuta, mwanayo anayamba kuyankhula mwachidule. Kenako anaimba ndi nambala yachilendo.

"Foniyi ndi yandani?" anafunsa Luckness.

"Andipatsa," anatero Chrissie, n'kudula.

Lolemba m'mawa, poitana mayina m'kalasi mwake, Luckness anatchula Sofia katatu. Ana anangoyang'anizana. Atakafunsa ahedi, a Twalibu, sanadabwe n'komwe.

"Wapita ndi ogula nsomba ameneyo. Nyengo ya matemba timataya atsikana angapo."

Kunali kutatsala masiku atatu kuti akuluakulu a kukoleji adzamuone akuphunzitsa, koma Luckness anapempha chilolezo, n'kunyamuka masana omwewo.

Ku Rivirivi anapeza Chrissie atavala nsapato zatsopano, tsitsi lolukidwa bwino, Lachiwiri, nthawi ya sukulu. Pakhonde panakhala bambo wa imvi m'ndevu, njinga yamoto yake ili pamthunzi. A Matilda anati awa ndi a Pitala, ogula nandolo.

"Mwanayu wakula," anatero a Matilda. "Iwe uli kusukulu kwakoko, tikumuona ndife."

"Iyayi achemwali, wakulira kuti? Chrissie, katenge mabuku ako. Foniyo uisiye pomwepo."

A Pitala sanakwiye. Anatola foniyo, n'kuipukuta fumbi ndi malaya.

"Aphunzitsi, paja mukuphunzitsa ku Chiuta? Ndimafikako ine kumeneko."

Luckness anangogwira mwana wake padzanja.

Anapita naye mwanayo, nakamulembetsa pasukulu imene ankaphunzitsa ija. Tsiku lomuyesa choko chinamuthyokera m'manja kawiri, komabe anakhoza. Chrissie anatha milungu iwiri osamuyankhula. Tsiku lina akutsuka mbale anangoti, "Anandiuza kuti inu mwasankha ana a eni." Luckness anangomulanda mbaleyo n'kutsuka yekha.

Mwezi usanathe, a Twalibu anamuitana ku ofesi, n'kutseka chitseko.

"Kunabwera bambo wina panjinga yamoto. Amafunsa nyumba imene mukukhala. Ine sindinamuuze. Koma anakaima pamjigo nthawi yaitali, kucheza ndi amayi otunga madzi."

Madzulo omwewo Luckness ndi Chrissie anasamutsira katundu wawo kunyumba kwa ahedi, ndipo m'mawa mwake anakanena kupolisi. Wapolisi analemba dzina, nati munthu sangamangidwe chifukwa chofunsa njira.

Luckness anamaliza maphunziro ake chaka chatha. Ndi a Matilda sayankhulana mpaka lero. Pafomu yosankha kokagwira ntchito analemba maboma akutali okhaokha, ndipo yankho silinabwere. Pakadali pano akuthandizabe pasukulu ija. Amaphunzitsa chitseko chili chotsekula, ataima pamene angaone khomo la sitandade 8, kalasi ya Chrissie, ngakhale tsiku la mphepo.