Lamulungu Limene Tinasenza Mabenchi

Chaka chimene ndinalephera kupitiriza sukulu, mpingo wathu wa Chipresibiteriyani ku Kasenengwa unali utatsala pang'ono kufa. Anzanga anali atapita ku matchalitchi a ku Chipata kumene kuli magitala ndi masipika. Ife otsala tinkakwana pa mabenchi anayi. Abusa ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo amene ankatitsogolera anali mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma amene tonse tinkangowatchula kuti aphunzitsi.

Ine ndinali wamanyazi, koma sindinkadziwa kukana. Choncho anandipatsa ntchito ziwiri: kuimba belu, lomwe linali chitsulo cha gudumu la thirakitala, ndi kulonjera alendo. Ntchito yachiwiriyi inali yopepuka chifukwa alendo sankabwera. Komabe aphunzitsi anandilembera mawu ake papepala, ndipo ndinawaloweza: mlendo aimirire, anene kumene wachokera ndi chimene wadzera.

Amayi amene ankatiyambitsira nyimbo anaferedwa amuna awo m'nyengo yokolola. Maliro atatha, anasiya kubwera kutchalitchi. Nyimbo zinayamba kutithawa. Aphunzitsi ankayambira pamwamba kwambiri, ife n'kumathera panjira ngati nkhuku zotsamwa. Tsiku lina anandituma kukawaona amayi aja.

Ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde.

"Mwananga, sindinakwiye ndi munthu," anatero. "Alamu anga anena kuti malata awa ndi a mchimwene wawo. Akungodikira tsiku loti ndichoke pakhomo. Ndikapita kukaimba, ndidzapeza ana anga akuyang'ana mitambo."

Ndinakafotokoza zimenezi pa msonkhano wa akulu a mpingo, maso ali pansi. Kenako pakamwa panga panatuluka mawu amene sindinawakonzekere: "Nanga bwanji tikapempherere kwawo komweko?"

Ndinafuna kulowa pansi. Mkulu wina anafunsa ngati malamulo a mpingo amalola. Aphunzitsi anavala magalasi, natsegula kabuku kawo kakale, nawerenga mpaka tonse tinatopa. Kenako anati, "Sakuletsa. Ndipo mpingo umene umasiya mayi wamasiye akugumulidwa denga, ngakhale utadzaza mabenchi makumi awiri, ndi wakufa kale."

Lamulungu m'mawa ndinaimba belu pamalo pake monga mwa nthawi zonse, chifukwa palibe amene anandiuza kuti ndisaimbe. Kenako tinasenza mabenchi pamutu, kudutsa m'minda ya thonje. Ana a m'mudzi anatitsatira akuseka, amayi ena nawonso anabwera kudzaona ngati tapenga. Amayi amasiye aja atationa anathamangira m'nyumba kukavala bulauzi yawo yoyera ya chigwirizano cha amayi a mumpingo. Atayambitsa nyimbo yoyamba, ngakhale aphunzitsi anaimba bwino.

Tili mkati mwa nyimbo yachiwiri, ngolo ya ng'ombe inaima kuseri kwa nkhokwe. Anali alamu aja ndi mphwawo, hamala ili m'manja. Anali atamva belu, n'kuganiza kuti mwini nyumba wapita kutchalitchi. Kubwerera kunawavuta chifukwa aliyense anali atawaona. Anakhala kumapeto kwa benchi, hamala ataibisa pansi pa jekete.

Nyimbo itatha, aphunzitsi anandiyang'ana. Inali nthawi ya alendo. Ndinkaopa kulakwitsa ndondomeko kuposa mmene ndinkaopera bambo aja. Ndinaimirira.

"Tili ndi alendo pakati pathu. Bambo, chonde muimirire, mutiuze kumene mwachokera ndi chimene mwadzera."

Anaimirira pang'onopang'ono. Hamala inagwa pansi, khu! Mwana wina anaitola n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Ndachokera ku Madzimoyo," anatero. Anayang'ana ife, anayang'ana denga. "Ndabwera... ndabwera kudzaona ngati nyumba ya malemu ikudontha."

"Ikudontha, alamu!" amayi aja anayankha msanga. "Pakona apo, pamene pamagona ana. Mulungu wakutumani."

"Ameni!" anatero aphunzitsi. "Mpingo uwombe m'manja. Koma lero ndi Sabata, bambo, hamala ipume. Mawa tidzabwera tonse kudzakugwirirani makwerero."

Lolemba alamu aja anabweradi, chifukwa mudzi wonse unali utamva lonjezo lawo. Ine ndinkawapatsira misomali. Ali padenga anandiyang'ana nati, "Iwe, ndani anakuphunzitsa kufunsa akuluakulu mafunso pagulu?"

"Zinalembedwa papepala, bambo," ndinayankha. Anaseka mpaka msomali unawagwa pakamwa.

Nkhaniyo sinathere padenga. Aphunzitsi ndi akulu ena anakhala pansi ndi mabanja onse awiri kangapo, mpaka anagwirizana kuti nyumba ndi ya mayi ndi ana. Milungu yonseyo tinkapempherabe pabwalo pawo, ndipo amene anabwera kudzaseka aja ena sanachokenso. Amayi ena awiri amasiye anatipempha kuti mabenchi afikenso kwawo. Tinapita.

Tsiku limene tinabwerera kutchalitchi, mabenchi anayi sanakwane, ana anakhala pamphasa. Amayi oyambitsa nyimbo aja anafika mochedwa pang'ono, atatseka chitseko chawo ndi loko, makiyi atamangirira pansonga ya chitenje. Anakhala pamalo awo akale, natsokomola kamodzi, n'kuyambitsa nyimbo.