Ulaya Wanga wa ku Chanyanya

Fakitale itatichotsa ntchito, ndinaganiza zopita ku Ulaya kwa msuweni wanga. Chinandipweteka ndi pakamwa pangapa. Pa Sondo, ndisanaponde n'komwe ku embase, ndinaimirira m'tchalitchi n'kupereka umboni kuti viza yatuluka. Anthu analuluta, abusa anandisanjika manja, ndipo azimayi anandigulira chikhoti chovalidwa kale cha pa salaula choti ndikavale m'chisanu.

Ku Lusaka, mzungu wa kuseri kwa galasi anangofunsa kuti, "Mumagwira ntchito kuti?" Ndinati ndikali kufunafuna. Pasipoti inabwerera yopanda viza, isanafunde n'komwe m'manja mwake.

Ndikanalowa ndi nkhope iti kwathu ku Kafue Estates? Pobwerera ndinatsikira basi panjira pa Shimabala n'kukabisala ku Chanyanya kwa amalume. Kumeneko ndinkawamba nsomba, chikhoti chija chili mphasa yanga.

Tsiku lina ndikukupiza moto, maso ali psuu ndi utsi, ndinamva kumbuyo, "Ba Phiri!" Anali amake Grace, amene anatsogolera zogula chikhoticho, atabwera kudzaoda nsomba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapatapata.

"Kansi ndeke inakutsitsani pano?"

Ndinangowasenzera beseni mpaka kumsewu.

Nditabwerera kwathu ndinauza mpingo kuti chisanu cha kunja chinandikana. Amake Grace sanaulule kwa munthu, koma bola akanangoulula. Mpaka lero tikakumana pakhomo la tchalitchi amapinda bondo mwaulemu n'kundinong'oneza kuti, "Ba ku Ulaya, nsomba zakwera kwanu uko?"