A Telala ndi Mkanjo Wobwereka

A telala a pakhonde la golosale sayamikira mwana wa mnzawo. Ukawauza kuti wakutiwakuti wakhoza mayeso, amaluma ulusi n'kuti, "Tidzaona." Ana awo atatu anawaphunzitsa ndi ndalama za makina awo osokera, koma onse sukulu inawakanika.

Sabata yatha kunabwera mtsikana ndi mkanjo wakuda wokalandirira digiri, woti aupinde m'munsi. A telala anamuzindikira: mwana wa mayi wachidakwa uja, amene ankagona pa makatoni kuseri kwa golosale atathamangitsidwa m'nyumba ya lendi.

"Ndi wobwereka, bambo. Musadule, mungopinda."

"Madigiri a masiku ano amangogawa," anatero a telala.

"Tumizani anu akatoleko, achimwene," anayankha mwini golosale.

A telala anagwira sizasi kanthawi, nsalu ili pamwendo, mtima ukuwawa. Kenako anaika sizasiyo pansi n'kusoka mpindiro pamanja, wowongoka bwinobwino, chifukwa ntchito sanaiwonongepo dala.

Mtsikana atathokoza n'kupita, a telala anamuperekeza ndi maso mpaka pamsewu.

"Mwana wanga wamkazi uja ngwamtali," anatero chapansipansi. "Ukanamukwana osapinda n'komwe."