Maluwa Anga Ali M'zitini

Anthu akamadutsa pakhomo panga ku Nyimba amaseka. Nyumba ndi ya lendi, zipinda ziwiri kuseri kwa msika, koma pakhonde pali zitini za penti, zidebe zobooka ndi mphika umodzi wong'aluka, zonse zodzaza maluwa. Bwalo lilipo lalikulu ndithu, dothi lake lakuda bwino, koma sindinakumbepo ngakhale kadzenje. Mayi mwini nyumba anandiuzapo kuti, "Bambo, bzalani pansi, malo alipo." Ndinathokoza, osabzala.

Za maluwa ndinaphunzira ku mishoni ya Minga, kumene ndinagwira ntchito ya m'dimba ndisanakwatire. Sisitere wina wachikulire ndiye ankayang'anira dimbalo. Iye anandiphunzitsa kuti maluwa alipo a mitundu iwiri. Ena umafesa mvula ikagwa, amanyadira miyezi itatu, kenako amauma n'kukusiyira njere. Ena ndi osatha. Chaka choyamba amakuchititsa manyazi, kamtengo kouma kali njo m'dothi, koma akagwira amakhala nawe mpaka imvi. Sisitereyo ankati usanasankhe osatha amenewa uyambe wadzifunsa kuti madzi ali kuti, mbuzi zili kuti, ndipo iweyo pamalopo udzakhalapo mpaka liti. Mafunso awiri oyambawo ndinawasunga. Lachitatulo ndinaliona ngati nthabwala za munthu amene akuluakulu ake amangomusamutsasamutsa.

Kwathu ndi ku Petauke, koma ndinakwatira ku Luembe, ndipo monga mwa mwambo ndinapita chikamwini, kukakhala kumudzi kwa mkazi. Ndinaumba njerwa, ndinamanga nyumba, nkhokwe ndi chimbudzi. Mkazi wanga anali munthu wa nseko, wokonda chilichonse chofiira, kuyambira chitenje mpaka mbale. Mvula yoyamba itagwa ndinapalasa njinga kupita ku Minga, n'kubwerako ndi thumba lonyowa. Munali nthambi za bugenivila, mbatata za duwa lotchedwa kana, ndi timitengo ta maluwa ofiira aja okhala ngati belu.

Ndikukumba maenje anabwera amalume a mkazi wanga, amene anali mwini mbumba pamudzipo. Sanali munthu waukali ayi. Ankamwetulira nthawi zonse, ndipo mpaka lero munthu womwetuliramwetulira sindimukhulupirira. Anakhala pa chitsa n'kundiyang'ana kwa kanthawi.

"Akamwini," anatero, "ivi vikololedwa mwezi uti?"

Ndinawauza kuti sizikololedwa, ndi zokongoletsa pakhomo.

"Oho. Kuno mkamwini abzala vokolola. Chimanga, nshawa, maungu. Mtengo abzala mwini malo."

"Si mitengo, amalume. Ni maluwa chabe."

Anaseka, nanenso ndinaseka, anadzuka n'kumapita. Madzulo ndinafotokozera mkazi wanga. Iye anati, "Alekeni, akamba chabe. Apa ni panga, ndiye kuti ni panu." Ndinamukhulupirira. Ndinaganiza kuti mwambowo umanena za mango ndi malalanje, ndipo ine ndauzemba mochenjera. Kupusa kwanga kunali pamenepo.

Maluwawo anandivutitsa. Bugenivila woyamba anadyedwa ndi chiswe, ndinabzalanso n'kumathira phulusa kuzungulira tsinde. Mbuzi za apongozi anga aakazi zinamaliza a belu aja tsiku limodzi, ndipo nditadandaula anandiyankha kuti mbuzi zawo sizinapite kusukulu. Ndinamanga mpanda wa nsungwi. Mu Okutobala, dzuwa la kuchigwa likamawotcha mpaka nkhuku kuyasama, ndinkanyamula zigubu ziwiri pa njinga kuchokera kuchitsime, amuna anzanga ali pa nsolo akukuwa kuti taonani wothirira zosadya uja. Mkazi wanga ankandisungira madzi otsukira mbale m'chidebe. Kana ndinkamukumba chaka chachitatu chilichonse n'kugawa mbatata zake, chifukwa akathithikana amaleka kuchita maluwa, ndipo zotsala ndinkapatsa amayi a pamudzi omwe amuna awo ankandisekawo.

Pofika chaka chachisanu bugenivila anakwera padenga. Ukwati ukachitika, maluwa a kutchalitchi ankachokera kwathu. Pasaka, kwathu. Mlendo akafunsa njira ankamuuza kuti akafika pa nyumba ya maluwa akhotere kumanja. Tinabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anaphunzira kuyenda atagwira mpanda wa nsungwi uja. Ndinakhala pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ndinaiwaliratu kuti mlendo ndi mame.

Mkazi wanga anadwala masabata awiri okha. Anamwalira m'chilimwe, bugenivila ali psuu. Amayi a pamudzi anathyola maluwa onse pakhomo kupangira nkhata, osandifunsa, ndipo sindinadandaule. Anali ake.

Patapita mwezi anandiitana kuti akandisudzule. Kusudzula ndi pamene abale a womwalira amamasula wotsalayo kuti abwerere kwawo. Tinakhala pabwalo la nyumba yanga yomwe. Amalume aja anali atakalamba, mano atatha, koma kumwetulira kunalipo. Anandithokoza kwambiri. Anati ndinawasungira bwino mwana wawo, sindinamumenyepo, sindinamugonetsepo ndi njala. "Manje ndimwe omasuka," anatero. Mawu amenewo ndimadana nawo. Ndani anawauza kuti ndinali womangidwa?

Anandiikira pamphasa njinga, khasu, nkhwangwa, wailesi ndi zovala zanga. Mwana anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo mwana ndi wa kuchikazi, choncho ankatsala. Ndinapempha kuti ndikhaleko mpaka amalize sukulu. Anati nyumbayo ikufunika, mng'ono wa malemu alowemo, ndiye adzalera mwanayo. Kenako ndinapempha kanthu kakang'ono, kuti ndikumbeko mbatata za kana ndi chitsa chimodzi cha maluwa a belu chimene mkazi wanga anabzala ndi manja ake pafupi ndi khitchini.

Amalume anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Vili pamwamba tengani. Va m'nthaka ni va eni nthaka. Paja ninakufunsani, akamwini, kuti vikololedwa mwezi uti?"

Zaka zonsezo mkuluyo anali atalisunga funso lake. Ndinapsa mtima tsiku limenelo, ndipo sindinaphwe mpaka lero. Palibe ananditukwana, palibe anandikankha. Zonse zinachitika mwaulemu, ndi m'manja mowomba, ndipo ulemuwo ndi umene umandiwawa kwambiri. Mwana wanga anali atakhala pakati pa amayi, mutu uli pansi. Ndinatenga chikwanje n'kudula nthambi zingapo, popeza nthambi zili pamwamba. Ndinazikulunga m'thumba lonyowa ngati mmene zinabwerera.

Kwathu ku Petauke ndinakhalako miyezi itatu. Munda wa amayi anga anali atagawana kalekale alongo anga, ndipo pakhomo paliponse ndinali wondiyalira mphasa. Ndinabwera ku Nyimba, n'kuyamba kutchetcha udzu ndi kusamala maluwa m'nyumba za anthu a m'boma. Nthambi zija zinaphuka m'zitini. Bugenivila wa m'chitini sasangalala, amafuna kumudulira mizu kawirikawiri ndi kumusinthira dothi, koma amakhala. Ndasamuka kanayi m'tauni muno, ndipo ulendo uliwonse maluwa anga akwera ngolo limodzi ndi bedi. Kana ndilibe. Akamandipatsa mbatata zake ndimakana.

Chaka chatha mwana wanga anakwatiwa. Mwamuna wake ndi wa kufupi ndi Minga, wokonza njinga, munthu wofatsa. Nayenso anapita chikamwini, ndipo anawapatsa nyumba yomwe ija, popeza mlamu wanga uja anamanga yake. Ndinapita ku ukwatiwo. Bugenivila anali ataphimba denga lonse, wosadulira, kana atathithikana ngati bango. Ndinamva mayi wina wa kuchimuna akuuza mnzake kuti banja limeneli limadziwa maluwa. Ndinali pa mpando wachitatu kuchokera pamene anakhala. Palibe wa pamudzipo anamuwongola.

Mvula itayandikira mkamwini wangayo anabwera ku Nyimba kudzagula zipangizo za njinga, n'kudzera kwanga. Ananjuta pakhonde, chipewa chili m'manja. Anati mkazi wake anamuuza za duwa loyera lonunkhira limene ndili nalo, ndipo akupempha nthambi ziwiri. Maenje anali atakumba kale kutsogolo kwa nyumba, manyowa a mbuzi atathira. Nkhope yake inali yowala, ndipo inandikwiyitsa.

Ndinamufunsa za madzi. Anati pampu yatsopano ili pafupi. Ndinamufunsa za mbuzi. Anati mpanda uja anaukonza, nsungwi zatsopano. Funso lachitatu la Sisitere uja ndinalidumpha. Ndinanyamula chitini chonse cha duwa loyeralo n'kumupatsa.

"Osachotsamo," ndinatero. "Likakula mufune chitini chikulu."

Anaseka. "Atate, malo alipo. Mwana wanu akuti apa ni pake, ndiye kuti ni panga."

Ndinaika chitinicho pa keliyala ya njinga yake, ndinatenga mphira, n'kumanga ndekha. Ndinamuonetsa podutsitsa mphira kuti dothi lisakhuthuke m'mabampu. Ndinamasula, n'kumuuza kuti amange yekha ndikuona. Anamanga, akudabwa. Ndinamubwerezetsa kawiri, kuti tsiku lodzachinyamula pobwerera kwawo asadzavutike ngati ine.

Anatsanzika n'kupalasa, duwa likugwedezeka kumbuyo. Nditamuona akukhota pa msika ndinakhala pansi pakati pa zitini zanga. Ndinali nditangozindikira kuti tsiku limene ndamukonzekeretsalo ndi la maliro a mwana wanga.